Kuwononga Mota Pakompyuta Kuti Ndege Isagwe

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE]

MUULUTSI: Lero tikwera ndege, koma sitikhala pampando wa pawindo ayi. Tilowa m'kati mwa mapiko ndi kumchira, kumene kuli mamota amagetsi omwe apaulendo sawaona ngakhale moyo wawo umadalira mamotawo. Tifunsa funso limodzi: kodi mainjiniya amatsimikiza bwanji kuti mota yotere siidzafooka ndege ili m'mwamba? Mumva kuti mota imeneyi amayamba aiwononga kambirimbiri pakompyuta, isanapangidwe n'komwe. Mumvanso malire a luso limeneli. Musachoke pafupi ndi wailesi yanu.

[NYIMBO IKWERE PANG'ONO, KENAKO IZIME]

MUULUTSI: Ndege yaikulu imakhota, kukwera kapena kutsika chifukwa cha tizigawo ta mapiko ndi ta mchira tomwe timapindika. Ndege ikamathamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola, mphepo yomwe imakankha tizigawoti imakhala yamphamvu moti mkono wa munthu sungalimbane nayo. Kwa zaka zambiri ntchitoyi yakhala ya hayidiroliki, mafuta opanikizidwa kwambiri omwe amayenda m'mapaipi kuchokera ku mapampu a painjini mpaka kunsonga za mapiko ndi kumchira.

Hayidiroliki ndi yamphamvu, koma paipi ikang'ambika mafuta amatayika, mphamvu n'kuthera pomwepo. Pa 19 Julayi 1989, ndege ya mtundu wa DC-10 ya kampani ya United Airlines inali paulendo ku America pamene injini yake ya kumchira inaphulika. Zidutswa za injiniyo zinaboola mizere yonse itatu ya hayidiroliki nthawi imodzi. Oyendetsa anatsala ndi njira imodzi yokha yokhotetsera ndegeyo, kuwonjezera mphamvu ku injini ya phiko lina ndi kuchepetsa ku linalo. Anayesetsa mpaka anafika pabwalo la ndege la Sioux City, koma potera ndegeyo inasweka ndi kuyaka. Mwa anthu 296 omwe anali m'ndegemo, anapulumuka ndi 184.

Ngozi ngati imeneyi inasonyeza kuti mizere itatu ikhoza kufa limodzi ngati yonse ili ya mtundu umodzi ndipo ikudutsa malo amodzi. Kampani ya Airbus popanga ndege yake yaikulu ya A380, yomwe inayamba kunyamula anthu mu 2007, inaikamo mizere iwiri ya hayidiroliki ndi iwiri yamagetsi. Pa tizigawo ta mapiko anaikapo zipangizo zomwe chilichonse chili ndi mota yake, kapampu kake ndi mafuta ake ochepa. Chipangizo chotere sichidalira paipi yochokera ku injini. Chimangofuna waya wamagetsi.

Ndege ya Boeing 787, yomwe inayamba kunyamula anthu mu 2011, inapitirira pamenepo. Mabuleki ake ndi amagetsi. Mpweya womwe apaulendo amapuma umapanikizidwa ndi mamota amagetsi. Madzi oundana pamapiko amasungunulidwa ndi magetsi, ndipo injini zake zimadzutsidwanso ndi magetsi. Ndegeyi ili ndi majenereta anayi painjini zake ziwiri, ndi ena awiri pa kainjini kothandizira ka kumchira, onse pamodzi otha kupanga pafupifupi megawati 1.5. Ena mwa inu amene mwadutsira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi popita kunja mwina munaikwerapo, pakuti Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways ali nazo ndege zimenezi.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

MUULUTSI: Tikamati mota ya m'ndege, tikunena zinthu zitatu zogwira ntchito limodzi. Choyamba ndi mota yeniyeniyo. Kawirikawiri imakhala ndi maginito amphamvu pa chitsulo chozungulira cha pakati, ndi makoyilo a waya wa kopa mozungulira chitsulocho. Chachiwiri ndi invata. Ambiri mwa inu mumaidziwa invata chifukwa cha magetsi a sola. Ya m'ndege imagwira ntchito yofananako, koma mwaliwiro lalikulu: ili ndi maswichi ang'onoang'ono omwe amatseka ndi kutsegula kokwana masauzande ambiri pa sekondi imodzi, n'kumagawira koyilo iliyonse magetsi pa nthawi yake. Chachitatu ndi kakompyuta kolamulira, komwe kamamva kuchokera ku masensa kuti mota yazungulira kufika pati ndipo ikukoka magetsi ochuluka bwanji, kenako n'kuuza maswichi chochita.

Zonsezi zimagwira ntchito pamalo ovuta. Pamtunda wa makilomita 11 m'mwamba, kunja kumazizira kufika pafupifupi madigiri 56 kunsi kwa ziro, pamene pabwalo la ndege la kudziko lotentha chitsulo chomwecho chimaotcha. Mpweya wa m'mwamba ndi wopepuka, ndipo mu mpweya wopepuka magetsi amadumpha mosavuta kuchoka pa waya wina kupita pa mnzake. Onjezerani kunjenjemera kosalekeza ndi ziphaliwali.

Tsono mverani lamulo lake. Mabungwe oyang'anira za ndege, monga FAA ku America ndi EASA ku Ulaya, amafuna kuti vuto lililonse lomwe lingagwetse ndege yaikulu yonyamula anthu likhale losowa kwambiri, losayembekezeka kuchitika koposa kamodzi pa maola 1 biliyoni a kuuluka. Maola 1 biliyoni ndi zaka zoposa 114,000. Palibe kampani yomwe ingayendetse mota kwa nthawi yaitali chotere kuti ione ngati ifooke. Palibenso mota imodzi payokha, ngakhale itapangidwa mwaluso bwanji, yomwe ingafike muyezo umenewu. Njira yomwe ilipo ndi kuvomereza kuti chipangizo chilichonse chidzawonongeka tsiku lina, ndi kupanga ndege m'njira yoti tsikulo likafika, china chilowe m'malo mwachangu. Ndiye injiniya ayenera kusonyeza kuti kulowa m'maloko kumachitikadi, pa vuto lililonse lomwe angaliganizire. Apa ndi pamene kompyuta imagwira ntchito yake.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

MUULUTSI: Kuyerekezera pakompyuta, komwe akatswiri amati simulation, kumayambira pa masamu. Injiniya amalemba malamulo a sayansi omwe mota imatsata: magetsi akalowa mu koyilo, mphamvu ya maginito imakula motere, mphamvuyo imazunguza chitsulo mwa liwiro lotere, waya amatentha motere. Masamuwo amawaika m'mapulogalamu a pakompyuta monga MATLAB ndi Simulink, n'kupanga chifaniziro cha motayo. Chifanizirocho akachipatsa lamulo, chimachita zomwe mota yeniyeni ikanachita, ndipo zotsatira zake zimaoneka pa sikirini.

Chifaniziro sichikhala chimodzi, chifukwa zinthu za m'mota zimachitika pa liwiro losiyanasiyana. Swichi ya mu invata imatseka ndi kutsegula m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, kanthawi koyezedwa m'magawo a sekondi yogawidwa ka 1 miliyoni. Kagawo ka phiko kamatenga sekondi kapena kuchepera kuti kapindike. Kutentha kwa mota kumakwera pang'onopang'ono kwa mphindi zambiri. Kutha kwa magiya kumatenga zaka. Kuika zonsezi m'chifaniziro chimodzi chozama kungachedwetse kompyuta mopitirira muyezo. Choncho pamakhala chifaniziro china chomwe chimagawa mota m'tizidutswa masauzande ambiri pofuna kuona mmene mphamvu ya maginito ikuyendera m'chitsulo, china cha maswichi, china cha kutentha, ndi china chopepuka choona magetsi a ndege yonse. Luso la injiniya lili posankha chifaniziro choyenera funso lomwe ali nalo, ndi podziwa zomwe chifanizirocho chasiya.

Chifaniziro cha ndege yonse chimaulula zinthu zomwe munthu woyang'ana mota imodzi sangazione. Mwachitsanzo, kagawo ka phiko kakamabwerera m'malo mwake, mphepo ndi yomwe imakakankha, ndipo mota imasanduka jenereta n'kubweza magetsi m'mawaya. Magetsi obwererawo akasowa kopita amakweza mavolti, n'kusokoneza zipangizo zina zomwe zili pamzere womwewo. Injiniya ayenera kudziwa kuchuluka kwake asanasankhe njira yowathetsera.

Koma phindu lalikulu la chifaniziro ndi loti ukhoza kuchiwononga mwadala. Injiniya amadula waya mmodzi mota ili mkati mokankha phiko. Amachititsa swichi kukanirira yotseka. Amapangitsa sensa kunena bodza. Amazimitsa jenereta pa nthawi yomwe ndege ikutera. Amatero kambirimbiri, akusintha liwiro, kutentha ndi kulemera kwa katundu, ndipo nthawi iliyonse amafunsa mafunso atatu: kodi kakompyuta kolamulira kazindikira vutolo? Kazindikira patapita nthawi yaitali bwanji? Nanga pa nthawi imeneyo phiko lasuntha kufika pati?

Tiyeni tione vuto limodzi mofatsa, chifukwa ndi lomwe limawasowetsa tulo akatswiri a mamota a maginito. Amene munayendapo panjinga ya dayinamo mukudziwa kuti tayala likamazungulira, dayinamo imapanga magetsi, ndipo siisiya mpaka kuzungulirako kutaleka. Mota ya maginito ili chimodzimodzi. Maginito alibe pozimitsira. Tsono yerekezerani kuti utoto wotchinga waya mkati mwa koyilo wapsa, mawaya awiri oyandikana n'kukhudzana. Pachitika shoti. Ngakhale mutadula magetsi onse opita ku motayo, malinga ngati chitsulo cha pakati chikuzungulira, maginito apitiriza kukankha magetsi ochuluka m'kamzere ka shotiko. Malowo amatentha msanga, ndipo kutenthako kumaononga mawaya oyandikana nawo.

Akatswiri a ku yunivesite ya Newcastle ku England anafufuza nkhaniyi mozama kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Njira yomwe inatuluka m'kafukufuku wotere ndi yopanga mota ya zigawo zodziimira pazokha. Gawo lililonse limakhala ndi makoyilo ake osakhudzana ndi a gawo lina, ndi maswichi akeake. Koyilo amaipanga m'njira yoti ngakhale itachita shoti kumapeto kwake, magetsi oyendamo asapose omwe imanyamula masiku onse. Ndipo shoti ikachitika mkati mwa koyilo, mankhwala ake ndi odabwitsa: kakompyuta kamachititsa dala shoti gawo lonselo. Zikatero magetsi omwe anaunjikana pa kamzere kamodzi amatsika, zigawo zotsalazo n'kupitiriza ntchito. Njira imeneyi imapulumutsa mota pokhapokha vutolo lazindikirika mwachangu, waya asanapse. Kuti adziwe kuti mwachangu ndi nthawi yochuluka bwanji, injiniya amayesa pachifaniziro kaye, kenako n'kutsimikizira pa mota yeniyeni.

Pali vuto linanso lomwe magetsi sangalithetse, kukakamira kwa zitsulo. Mamota ambiri amakankha phiko kudzera pa chitsulo chachitali cha mazinga ngati bawuti, choyenda mu nati. Chitsulochi chikakakamira, phiko limaima pamalo amodzi, ndipo mota ina yothandizira singalisunthe. Pa 31 Januwale 2000, ndege ya Alaska Airlines inagwera m'nyanja kufupi ndi California, anthu onse 88 n'kumwalira, chifukwa mazinga a nati ya kumchira anadyeka posowa girisi wokwanira. N'chifukwa chake pa tizigawo tofunika kwambiri poulutsa ndege zikuluzikulu, opanga ndege akadakondabe zipangizo zokhala ndi mafuta, zomwe zikafooka zikhoza kumasulidwa kuti chipangizo chinzake chipitirize kusuntha phiko.

[NYIMBO]

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, mukumvera pulogalamu ya sayansi ndi luso, ndipo tikukambirana mmene mainjiniya amayesera mamota a m'ndege pakompyuta.

Chifaniziro chikaoneka kuti chili bwino, ntchito imalowa gawo lina. Amatenga bokosi lenileni lolamulira mota, lomwe lidzakwere m'ndege, n'kulilumikiza ku kompyuta yaliwiro kwambiri yomwe imadziyesa mota. Bokosilo limatumiza malamulo ake, kompyutayo n'kuyankha nthawi yomweyo monga momwe mota ndi masensa zikanayankhira. Bokosi silidziwa kuti lili patebulo. Njira imeneyi amaitcha hardware-in-the-loop, ndipo makampani monga dSPACE ya ku Germany ndi OPAL-RT ya ku Canada amapanga makina ake. Ubwino wake ndi woti pulogalamu yeniyeni ya m'bokosimo imakumana ndi shoti, waya woduka ndi sensa yabodza, popanda chilichonse kupsa kapena munthu kuvulala.

Kenako pamabwera chimango chachikulu chachitsulo m'holo ya fakitale, chomwe amachitcha iron bird. Pamenepo amamangirira mapampu, mapaipi, mawaya, majenereta ndi mamota enieni, chilichonse pamalo ake monga zidzakhalire m'ndege, ndipo makina ena amakankha tizigawo ta mapiko m'malo mwa mphepo. Zipangizo zimaikidwanso m'zipinda zozizira, zotentha ndi zogwedeza, motsata ndondomeko yotchedwa DO-160. Mapulogalamu a pakompyuta ali ndi ndondomeko yawo, DO-178C, yomwe imawaika m'magulu asanu kuyambira A mpaka E. Gulu A ndi la mapulogalamu omwe akalakwitsa ndege ikhoza kugwa, ndipo limaunikidwa mozama kuposa ena onse. Pa gawo lililonse, zomwe zayezedwa pa chitsulo chenicheni amazifananitsa ndi zomwe chifaniziro chinalosera. Zikasiyana, chokonzedwa ndi chifaniziro, kapena chipangizo, mpaka chifukwa cha kusiyanako chitadziwika.

Kuyesera pansi kotereku kumagwira mavuto omwe sanaonekepo m'mwamba. Mu 2015 bungwe la FAA linachenjeza makampani onse okhala ndi Boeing 787 za vuto lomwe Boeing inalipeza poyesa mu labotale. Mabokosi olamulira majenereta anali ndi kowerengera nthawi mkati mwa pulogalamu yawo. Bokosi likakhala loyaka masiku 248 osazimitsidwa, kowerengerako kamadzaza, bokosi n'kudzitseka lokha. Ndipo ngati mabokosi onse anayi anayatsidwa nthawi imodzi, akanadzitseka nthawi imodzinso, ndege n'kutaya magetsi a majenereta ake, mwina ili m'mwamba. Makampani analamulidwa kumazimitsa ndi kuyatsanso magetsi a ndegezo nthawi ndi nthawi pamene pulogalamuyo inali kukonzedwa. Taonani, omvera, kuti majenereta anayi sakanathandiza, chifukwa onse anali ndi chilema chimodzi. Vutoli linagwidwa chifukwa kuyesako kunafika pa funso lomwe ndi losavuta kuliiwala: chingachitike n'chiyani bokosi likakhala loyaka miyezi yambiri?

[KANYIMBO KAKAFUPI]

MUULUTSI: Tsopano tifike pa malire a luso limeneli, ndipo apa tilankhule mwaulemu, pakuti ndi nkhani ya maliro. Pa 29 Okutobala 2018, ndege ya Boeing 737 MAX ya Lion Air inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Jakarta, ndipo anthu 189 anamwalira. Pa 10 Malichi 2019, ndege ya mtundu womwewo ya Ethiopian Airlines, yopita ku Nairobi, inagwa pafupi ndi Bishoftu patangotha mphindi pafupifupi 6 ichokere ku Addis Ababa. Anamwalira anthu 157. Pangozi ziwirizi tinataya miyoyo 346.

M'ndege zonse ziwiri, pulogalamu yotchedwa MCAS inalandira uthenga wolakwika kuchokera ku sensa imodzi, wonena kuti mphuno ya ndege yadzuka kwambiri. Pulogalamuyo inalamula mota yamagetsi ya kumchira kuti iweramitse mphunoyo. Mota inamvera lamulo lomwe inapatsidwa. Cholakwika chinali lamulolo.

Kodi zimenezi sizinayesedwe? Bungwe lofufuza ngozi la ku America, la NTSB, mu lipoti lake la Seputembala 2019, linapeza kuti kuyerekezera kunachitika ndithu. Oyendetsa ndege oyesera anaona mchira ukusuntha wokha m'makina ophunzirira kuulutsa ndege, ndipo anaugwira. Koma chomwe chinayerekezeredwa chinali kusuntha kwa mchira kokha. Sanayambire pa sensa yonena bodza, yomwe m'ndege yeniyeni inadzutsanso machenjezo ena ambiri nthawi imodzi: chiwongolero kunjenjemera, ndiponso zoyezera liwiro ndi kutalika kutsutsana. Oyendetsa enieni anakumana ndi chisokonezo chomwe oyesera sanakumane nacho. Ndege zonse za mtundu umenewu zinaimitsidwa padziko lonse mu Malichi 2019, ndipo FAA inaziloleza kuulukanso mu Novembala 2020, pulogalamuyo itasinthidwa kuti izifananitsa masensa awiri.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kompyuta imayankha molondola funso lomwe yafunsidwa, ndipo pa funso lomwe sinafunsidwe imakhala chete. Ngati injiniya waganiza kuti sensa singaname, chifaniziro chake chidzamusonyeza ndege yabwinobwino. Ngati waganiza kuti woyendetsa adzazindikira vuto nthawi yomweyo, chifaniziro chidzavomera. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna anthu ena odziimira paokha oti aunike zomwe injiniya wangoziganizira, imafuna kuyeza pa zitsulo zenizeni, ndipo imafuna mtima wosabisa zotsatira zoipa ngakhale zichedwetse malonda.

Kufunika kwa zimenezi kukukulirakulira. Mu 2020 bungwe la EASA linavomereza koyamba ndege youluka ndi magetsi okhaokha, kandege ka mipando iwiri kotchedwa Pipistrel Velis Electro ka ku Slovenia. M'ndege yotere mota ndi yomwe imazunguza chopukusa mphepo, ndiye mafunso onse omwe takambirana lero amalemera koposa.

[NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE PANSIPANSI]

MUULUTSI: Inu ophunzira a kusekondale, ndi inu amene mukuchita maphunziro a zamagetsi m'makoleji ndi m'mayunivesite, masamu omwe amafotokoza mota ya m'phiko la ndege ndi omwewo amafotokoza mota ya pampu ya madzi kapena ya chigayo. Mapulogalamu monga GNU Octave, Scilab ndi LTspice ndi aulere, ndipo amayenda pa kompyuta wamba. Pangani chifaniziro cha mota yaing'ono. Chikayenda bwino, musalekere pomwepo. Dulani waya mmodzi, namizani sensa, kwezani kutentha, muone chomwe chichitike. Kenako tengani mota yeniyeni ndi mita, muyeze, muone ngati kompyuta inanena zoona. Mukapeza kusiyana, fufuzani chifukwa chake, ndipo muwaonetse anzanu ndi aphunzitsi anu kuti akufunseni zomwe inu simunaziganizire. Chizolowezi chimenechi ndi chomwe chimapanga injiniya wodalirika, kaya adzagwira ntchito pa ndege, pa makina a kuchipatala kapena pamalo opangira magetsi.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Tidzakumanenso sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

[NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO]